Miyala yandipulumutsira nyumba ku Senga Bay

Mai anga atandiona ndikututa miyala pa wilibala chaka chatha anagwira pakamwa. "Iwe, sukulu yonse ija mapeto ake kubzala miyala? Osabzala chinangwa bwanji?" Ine duu.

Koma inu odziwa dothi la kuno ku Senga Bay mundimvetsa. Ndi mchenga wokhawokha. Uthirire m'mawa, pofika 10 koloko pali gwaa. Ikabwera mvula ya February, madzi apadenga amakokolola mchengawo, moti maziko a nyumba yathu anayamba kuonekera. Nanga ndalama ya simenti, mtolankhani wolipidwa pa nkhani ngati ine aitenga kuti?

Ndiye ndinayala miyala motsatira khonde, ikuluikulu kumunsi, ing'onoing'ono pamwamba, m'mipatamo manyowa a mbuzi. Ndinabzalamo alovera ndi bougainvillea, zomera zosalira madzi ambiri. Pansi pa mwala chinyontho chimakhalitsa, dzuwa kaya liswe mtengo.

Mvula yathayi mchenga sunasunthe. Ndipo October uno, kapinga wa aneba atapsa, bougainvillea wanga wangoti psuu! Ameneyu amakonda ludzu: ukamuthirira kwambiri amangochita masamba, maluwa ayi.

Koma chonde, mwala muziyamba mwaugubuduza ndi khasu. Ine ndinapisa dzanja, chinkhanira n'kundiluma chala, usiku wonse osagona.

Mai aja? Dzulo ndawapeza atayala mkeka pamaluwa pomwepo, akuuza alendo ochokera ku Lilongwe kuti nzeru yonseyi inali yawo.