Kuyenda Pang'onopang'ono Nakonso ndi Sukulu

Malume anga ali ndi galimoto ya mtundu wa Toyota Stout yomwe idayamba kuyenda pamsewu ine ndisanabadwe. Utoto wake woyamba palibe amene akuukumbuka. Chitseko cha mbali ya dalaivala chimamangidwa ndi waya, ndipo m'mamawa injini yake siilira popanda anthu atatu okankha. M'chilimwe cha 2024, ndili patchuthi, malumewo adandiuza kuti akupita ku Phalombe kukagula nandolo ndipo akufuna munthu wowalembera makilogalamu. Ndidavomera chifukwa ndinkafuna ya sopo. Tidamanga zitsulo kumbuyo kwa galimotoyo, n'kufunditsa lona, n'kuyala mphasa ziwiri. Tidalongedza mbaula, mapoto, thumba la ufa, zigubu za madzi ndi bokosi la masipanala. Kwa masiku 9, imeneyo ndiyo idali nyumba yathu, ine, malume ndi msuweni wanga.

Ndidabwerako ndi maganizo amene ndikufuna kuwaikira kumbuyo pano. Wophunzira aliyense wa chiyankhulo ndi zolembalemba ayenera kuyendako ulendo wotere asanalandire digiri yake: ulendo wosathamanga, wogona pamene dzuwa lakulowera, wokukakamiza kupempha thandizo kwa anthu amene sukuwadziwa.

Kumaiko a azungu anthu ena amagula dala galimoto yakale, n'kuimangira kanyumba kogonamo kumbuyo, n'kumayenda nayo nyengo yonse yotentha. Ena mwa iwo timawaona akudutsa kuno pamsewu wa M1 kapena kunyanja. Chifukwa cha zimenezi tidakhazikika m'maganizo akuti kuyendera kuona dziko ndi khalidwe la anthu obwera. Mmalawi amayenda kukagwa maliro, kukakhala ukwati, akadwala kapena akamachita geni, ndipo akakwera minibasi pemphero lake limakhala loti afike msanga. Ngakhale ife ophunzira tikatumidwa kukachita kafukufuku timachita chimodzimodzi. Timafika pamudzi m'mawa ndi mapepala a mafunso, timachonga timabokosi, pofika madzulo tili kuhositelo. Tikatero timalemba molimba mtima za anthu amene sitidadye nawo ngakhale mbamu imodzi ya nsima.

Stout ya malume sidatilole kutero. Tidanyamuka ku Zomba kudzera ku Jali mpaka pa Migowi, kenaka tidakhotera ku Chiringa, n'kutsikira ku Nkhulambe, n'kubwerera ku boma la Phalombe kudzera pampata wa Fort Lister. Mwachidule, tidazungulira phiri la Michesi. Pa galimoto yamakono, ulendo umenewu ndi wa tsiku limodzi. Ife tinkaima pamsika uliwonse kupachika sikelo, komanso paliponse pamene galimoto yafuna yokha kupuma.

Phunziro loyamba ndidalilandira titayandikira ku Chiringa, pamene injini idatentha mpaka kutulutsa nthunzi. Ndidatenga chigubu kukapempha madzi pakhomo lina, ndipo tidakhala pamenepo maola atatu podikira kuti malume amate paipi yomwe inkadontha. Agogo a pakhomopo adandiyankhula m'Chichewa chabwinobwino. Koma mdzukulu wawo atagwetsa mbale, adamukalipira m'Chilomwe. Mwanayo adamva zonse, poti adathamanga kukatola mbaleyo, komabe adayankha m'Chichewa. Madzulo amayi anayi adabwera ndi nandolo wawo. Malume atatchula mtengo, amayiwo adatembenukirana n'kuyamba kukambirana m'Chilomwe ife tili pomwepo, kenaka mmodzi adatiuza m'Chichewa kuti mtengowo wachepa. Malume adaonjezera.

M'kalasi tidaphunzira kuti Alomwe adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ambiri adasiya chiyankhulo chawo chifukwa chonyozedwa. Tidaphunziranso kuti Chichewa chitakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ziyankhulo zina zidachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Zonsezi n'zoona. Koma ndikadafika pakhomo lija ndi pepala la mafunso, agogo aja akadandiuza kuti amayankhula Chichewa, ine n'kuchonga bokosi, n'kumapita. Sindikadadziwa kuti Chilomwe chidakali ndi ntchito zake pakhomopo: kukalipira mwana ndi kupangana mtengo mlendo asamve. Sindikadaonanso ndi maso anga pamene chingwecho chikudukira, pakamwa pa mwana amene akumva koma sakuyankha. Chidandionetsa zimenezi ndi paipi yodontha.

Phunziro lachiwiri lidabwera usiku ku Nkhulambe. Anthu akaona galimoto yaima pafupi ndi msika, mbaula ikuyaka pambali pake, amabwera okha kudzacheza. Nkhani sidachedwe kufika pa namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene adapha anthu oposa 600 m'dziko muno, mazana ena osapezeka, ndipo dera la Nkhulambe lidali limodzi mwa madera amene adasakazidwa kwambiri. Achikulire ankayerekeza zimenezi ndi napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ya pafupi ndi boma la Phalombe. Ine dzina la napolo ndidalidziwira m'ndakatulo za Steve Chimombo, m'Chingerezi, ndipo pamayeso ndidalemba kuti ndi chiphiphiritso. Usiku umenewo ndidamva bambo wina akulitchula motsitsa mawu, akuloza mdima kumene kuli phiri. Ndidaona kuti anthu ena amawerengera zaka za ana awo kuyambira pa ngozi zimenezi, ndipo pofotokoza amatchula maina a omwalira mmodzimmodzi, osadumpha. M'mawa mwake adationetsa miyala ikuluikulu ili pamene kale padali minda. Nkhani zotere munthu sauza mlendo amene injini ya galimoto yake ikulira pomudikira.

Ngakhale galimotoyo payokha idali buku. Liwu lakuti galimoto lili ndi moto m'kati mwake, ndipo matola ndi dzina lochokera ku ntchito yotola anthu m'njira. Amakaniko a pansi pa mtengo amene tidakumana nawo pa Migowi ankanena za jeke, giya, batire ndi sipanala, mawu obwereka amene adalowa kale m'magulu a maina a Chichewa n'kupeza zochulukitsa zawo. Injini kwa iwo imatsokomola, imadya mafuta, imafa, imadzuka. Amenewa ndi mawu a anthu amene galimoto amaiona ngati chamoyo chofunika kuchinyengerera. Pokwera chitunda cha ku Fort Lister, linga limene atsamunda a ku Britain adamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogula akapolo, ine ndi msuweni wanga tidatsika n'kumayenda pambuyo titanyamula miyala yotchingira matayala. Apo ndidaumva m'miyendo kutalika kwa mpata umene anthu ankadutsamo ali m'magoli.

Ndikudziwa kuti alipo amene angatsutse, ndipo zifukwa zawo si zachibwana. Choyamba, galimoto zakale zimapha. Matola odzaza mopyola muyeso, a mabuleki otha ndi matayala osalala, amasiya ana amasiye chaka ndi chaka. Sindikulimbikitsa aliyense kukwera bokosi la maliro. Koma ukalamba wa galimoto ndi kusasamalidwa kwake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Malume ankayang'ana mabuleki m'mawa uliwonse, sankayenda usiku, ndipo sankanyamula anthu pamwamba pa matumba. Chitseko chomanga ndi waya adachilekerera, koma tayala losalala adalisintha tisananyamuke.

Chachiwiri ndi ndalama. Chaka chimenecho mafuta ankasowa m'dziko muno, ndipo tsiku lina lathunthu tidalithera pamzere. Wophunzira wodalira ngongole ya boma sangagule mafuta oyendera sabata yonse. Yankho langa ndi lakuti ulendo wathu udadzilipira wokha chifukwa udali wa geni. Chaka chilichonse galimoto zambirimbiri zimalowa m'midzi kukagula nandolo, mpunga ndi mpendadzuwa, ndipo zina zimapita kumadooko a nyanja ya Chilwa kukatenga matemba. Eni ake amafuna wodziwa kulemba ndi kuwerengera. Mpando ulipo kwa amene sachita manyazi kuoneka ali mbuu ndi fumbi.

Chachitatu ndicho chimandivutitsa maganizo mpaka lero. Kodi si chipongwe kusandutsa mavuto a anthu kukhala phunziro langa? Ine ndidagona pamphasa masiku 9 mwa kufuna kwanga, n'kubwerera kumene kuli magetsi. Anthu a ku Nkhulambe adatsala ndi miyala yawo. Ndiponso sindidapite ngati mlendo wosalakwa: ndidali kumbali ya sikelo, mbali ya ogula motsika kuti akagulitse mokwera ku Limbe. Funso limeneli sindingalithawe. Chimene ndinganene n'chakuti kukhala kutali sikuchotsa mlandu umenewu, kumangoubisa. Amene amalemba za anthu a ku Phalombe ali mulaibulale amapindulanso nawo, poti amalandira malikisi ndi digiri, koma palibe mayi amene angamuyang'ane m'maso n'kumuuza kuti mtengo wachepa. Ine adandiuza, ndipo kuyambira pamenepo ndimasamala ndisanalembe chiganizo choyamba ndi mawu akuti "anthu akumudzi amakhulupirira".

Pempho langa kwa aphunzitsi athu ndi lakuti nthawi imene wophunzira wakhala pakati pa anthu izikhala ndi mtengo pomuyesa, monga momwe chiwerengero cha anthu ofunsidwa chimakhalira ndi mtengo. Kope la zimene munthu wamva pamjigo, pamsika ndi pambaula liziloledwa kukhala umboni. Kwa ophunzira anzanga ndikuti, tchuthi chikubwerachi funsani kwanu ngati kuli wachibale amene ali ndi lole kapena pikapu yopita kumidzi, mum'pemphe malo. Tengani kope, bulangete ndi chigubu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Stout ija idakalipo, ngakhale malume akuti chaka chino mwina aigulitsa kwa ophwanya zitsulo chifukwa zipangizo zake zikusowa. Ndawapempha kuti adikire nandolo wina apse. Ndikufuna kubwerera pakhomo lija pafupi ndi Chiringa, ndikabweze chigubu chimene agogo adatibwereka, ndipo ulendo uno ndikawapatse moni m'chiyankhulo chawo.