Aquarium yabiriwira? Mlandu si wa nsomba, ni wa dzanja lanu

Kale munthu akagulitsa soya kapena fodya ku Lundazi, tonse timadziwa chimene chibwera: malata, njinga yamoto, mwina TV yaikulu yoti Chipolopolo izioneka ngati ikusewerera pakhonde. Manje fashoni yasintha. Mwini lodge, mwini salon, ngakhale ba landlord, aliyense afuna aquarium pakona, kuti mlendo akalowa atulutse foni ajambule. Ndipo ena safuna nsomba wamba. Afuna Nemo weniweni, kansomba ka orenji ka m'filimu ya Pixar ya 2003, kazisambira pakati pa ma coral monga amaonera pa TikTok.

Sinikuseka ai. Boma limene lili ndi castle yeniyeni, ija anamangitsa DC Errol Button n'kukhala Castle Hotel, lingalephere bwanji kanyanja ka m'galasi? Koma mavidiyo aja amakuonetsani tsiku loyamba chabe. Sakuonetsani pakatha mwezi, pamene galasi lachita ndere, miyala yamera tsitsi lobiriwira, ma coral okwera mtengo aja ayamba kuda ngati nsima yopserera. Apa m'pamene anthu amayamba kunena kuti anawagulitsa nsomba zodwala, kapena kuti neba wina wachita nsanje.

Dzina la vuto ni phosphate, ndipo inu a ku Lundazi mumaidziwa kuposa ife a m'tauni. Yang'anani pa thumba la D-compound. Pamalembedwa 10-20-10. Ija 20 yapakati ndiyo phosphate, imene imalimbitsa mizu ya chimanga. M'munda ni chuma. M'thanki imagwira ntchito yomweyo, kungoti chimene chimamera ni ndere. Choipa china, phosphate ikachuluka imalepheretsa ma coral kumanga mafupa awo. Inde, coral ni nyama, si duwa kapena mwala, ndipo imakula pomanga chigoba cha laimu pang'onopang'ono.

Mlingo wake ni wochepa zoseketsa. Osunga ma coral ambiri amayesetsa kuti phosphate ikhale pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Tiyerekeze thanki ya malita 200, yofanana ndi diramu. 0.1 ppm m'madzi amenewo ni mamiligalamu 20 chabe. Mankhwala a mu Panadol imodzi ni mamiligalamu 500. Ganizirani mutagawa piritsi pa 25, mutenge kachidutswa kamodzi, ndiye malire anu amenewo. Ndiye mukadutsa pamenepo, ndere ikuthokozani.

Nanga ibwera bwanji, pakuti palibe anathiramo fetereza? Njira yaikulu ni chakudya. Chakudya chilichonse cha nsomba chili ndi phosphate. Chimene nsomba yadya chimatuluka kumbuyo, chimene yasiya chimaola pansi, zonse zimathera m'madzi omwewo. Ndipo ife mtundu wathu sitidziwa kumana chakudya. Nsomba ikabwera pagalasi n'kutsegula pakamwa, mtima umagunda: "Mayo, ili ndi njala!" Bambo athira m'mawa, mayi athira masana, mwana wobwera kusukulu athira, mlendo naye apempha kuti ayeseko. Wina mpaka kambamu ka nsima. Mwandi, nsomba imatsegula pakamwa chifukwa ikupuma. Sankhani munthu mmodzi m'nyumba akhale wodyetsa, botolo libisidwe pamwamba pa kabati. Thirani chimene zingamalize m'mphindi ziwiri. Chikafika pansi chisanadyedwe, mwachulutsa. Ngati mumagula chakudya chouma ndi ayezi, chisungunuleni m'kapu, mutaye madzi ake, mupereke chotsala.

Njira yachiwiri ni madzi amene. Chitsime chimene chili pafupi ndi dimba, khola kapena chimbudzi chingathe kubwera ndi phosphate yake kale, ndipo diso silingaone. Munthu amasintha madzi mokhulupirika sabata iliyonse, osadziwa kuti akuthira vuto latsopano pa lakale. N'chifukwa chake a thanki ya mchere amagwiritsa ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO, n'kusakanizamo mchere wapadera wa aquarium, magalamu pafupifupi 35 pa lita. Mchere wa m'khitchini ai, chonde. Pa diramu ija muwerenge makilogalamu 7. Ndipo madzi akachepa chifukwa cha kutentha, muonjezere opanda mchere, kaili mchere suuluka. Ndowa yake ikhale ya ntchito iyi yokha, osati ija mumachapira, chifukwa sopo wotsalira ni poizoni kwa nsomba.

Musanagule mankhwala aliwonse, gulani test kit. Muyeze madzi a m'thanki, muyezenso madzi amene mumathira. Pano pali kachinyengo kamodzi: test ingaonetse ziro pamene thanki ili ngati dambo la mu February. Sikuti phosphate palibe. Ndere ikudya yonse isanafike pa test yanu. Zulani ndereyo ndi manja muitaye panja, chifukwa ikafera m'katimo imabweza zonse zimene inadya.

Mukatero, sinthani madzi pang'ono, 10 mpaka 20 peresenti pa sabata, mukukoka zinyalala za pansi ndi kapaipi. Tsukani thonje la mu filter lisananunkhe. Ngati muli ndi skimmer, kamakina kamene kamapanga thovu n'kutulutsa litsiro lisanaole, kapu yake muzikhuthula. Ena amadzala dala mtundu wa ndere wotchedwa Chaetomorpha m'kathanki kapansi, kuti idye phosphate kumeneko, iwo azingodula n'kutaya.

Zikakanika zonsezi m'pamene mungaganize za GFO, timiyala tofiirira ngati dzimbiri timene timagwira phosphate madzi akamadutsa. Imagwira ntchito zoona, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Munthu waona nambala yakwera, mtima uli m'mwamba, athira paketi yonse usiku umodzi. M'mawa phosphate yagwa mpaka ziro, ma coral ayera, ena afa. Amafunikako pang'ono kuti akhale moyo, ndipo kusintha kwadzidzidzi amadana nako kuposa litsiro. Yambani ndi theka la mlingo wolembedwa, muitsuke kaye, muziyeza pakapita masiku angapo. Musadabwe nambala ikatsika n'kukweranso. Miyala ndi mchenga zimamwa phosphate ngati siponji, ndipo zimaibweza pang'onopang'ono madzi akayera. Thanki imene mwaidyetsa mopitirira chaka chonse ingatenge miyezi kuti ichire.

Manje tikambe zoona, ngati abale. Zambia ilibe nyanja ya mchere. Mchere uja, test kit, GFO, nsomba zimene, zonse muitanitse ku Lusaka kapena kunja, zikwere basi kudutsa Chipata mpaka Lundazi. Kuonjezera apo, malaiti. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankabwera ngati mlendo wothamangira basi. Thanki ya ma coral imafuna pampu usana ndi usiku, ndi madzi ofunda pafupifupi madigiri 25, ngakhale m'kuzizira kwa June. Pampu ikaima maola ambiri mpweya umatha, zamoyo zimafa, zikaola phosphate imakwera kuposa kale. Ngati mulibe solar ndi batire yodalirika, Nemo musiyeni pa TV.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayang'ana kum'mawa. Kuseri kwa malire a Lusuntha kuli Malawi, ndipo m'nyanja yake muli mbuna, tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, timene azungu ku Germany ndi ku America amalipira ndalama zambiri kuti asunge m'nyumba. Ni za madzi opanda mchere, sizifuna coral, ndipo zambiri kwawo zimadya ndere ya pamiyala. Zili ndi ukali, choncho muziikira miyala yambiri yobisalamo, ndipo mugule kwa ogulitsa ovomerezeka m'malo mobisa m'chigubu pa boda. Lamulo la chakudya silisintha, koma phosphate ikakwerako pang'ono sizifa. Madzi amene mwachotsa mungathirire repu kuseri kwa nyumba, amere bwino. A mchere aja mukathira padimba mwapha zonse.

Kwa inu amene muli ndi madamu a bream kumudzi, musawerenge izi n'kuthamanga kukatsuka damu. Kwa inu madzi obiriwira ni chakudya cha nsomba, n'chifukwa chake alangizi a Fisheries amakuuzani kuthira manyowa. Koma nanunso pali malire. Lowetsani dzanja m'madzi mpaka pachigongono. Ngati chikhatho chasowa musanafike pachigongono, lekani manyowa, muchepetse gaga, mulowetse madzi atsopano. Ndere imatulutsa mpweya masana, koma usiku imaupuma pamodzi ndi nsomba. Pitani padamu mbandakucha, tambala atangolira. Mukapeza nsomba zili pamwamba zikuyasamula, tsiku limenelo musathire chilichonse koma madzi.