Mango Asanathyoledwe, Mbewu Isanakwiriridwe



Nyengo imene mitambo imayamba kusonkhana madzulo ndi nyengo yomweyo imene mango amalemera m'mitengo. Choncho ntchito ziwiri zimatigwera pamodzi: kuthyola zipatso zokagulitsa kuti tipeze ya sopo ndi ya feteleza, ndi kubzala chimanga mvula ikangolowa m'nthaka. Ntchito ziwirizi zimafanana pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti cholakwika cha tsiku limenelo sichikonzekanso. Mango othyoledwa asanakhwime sadzakoma ngakhale muwavundike sabata yathunthu, ndipo munda wobzalidwa mwachisawawa sudzadzaza nkhokwe ngakhale muupalire katatu. Akatswiri a makina a zaulimi m'maiko ambiri atha zaka zochuluka akufunafuna njira zoyezera zinthu ziwirizi. Ndati lero tikambirane zimene iwo apeza, popeza kwathu kuno manja amene amathyola ndi kubzala kawirikawiri ndi athu.

Tiyambe ndi zipatso. Ife timayeza chipatso ndi maso, ndi mphuno, ndi chala chachikulu. Ndani mwa ife sanafinyepo peyala kapena papaya pamsika, mwini wake akuyang'ana ndi diso lofiira? Ophunzira nawonso anayambira pa chala pomwepo, koma anaona kuti chala cha munthu sichifanana mphamvu ndi cha mnzake. Mu 1925 amuna awiri a mu unduna wa zaulimi ku America, a Magness ndi a Taylor, anakonza kachitsulo kobuntha kumapeto kokhala ndi sipuling'i m'kati. Munthu amasenda khungu pang'ono, nakankhira kachitsuloko m'mnofu wa chipatso, ndipo nambala imaonetsa mphamvu imene yafunika kuti kalowe. Chipatso chikamapsa nambalayo imatsika. Alimi a maapozi ndi zipatso zina akugwiritsabe ntchito kachida kotere mpaka lero.

Kufewa kokha sikutiuza za kukoma, motero pali chida china choyezera shuga, chimene dzina lake ndi refractometer. Ndi kanthu konga tochi, kokhala ndi kagalasi kumapeto. Mumadonthezera madzi a chipatso pa kagalasiko, n'kusuzumira moloza kuwala, ndipo m'kati mumaoneka mzere woima pa nambala. Muyeso wake umatchedwa Brix, potengera dzina la Adolf Brix, katswiri wa ku Germany amene anamwalira mu 1870. Nambala imodzi ya Brix ndiye kuti mu magalamu 100 a madziwo muli galamu imodzi ya shuga. Lalanje labwino limakhala cha pa 10 mpaka 12, pamene mango akupsa bwino amafika pa 15, ena kupitirira apo.

Vuto la zida ziwirizi ndi lakuti chipatso chimene mwachiyeza mwachiononga, simungachigulitsenso. Apa ndi pamene nzeru zinapita patali. M'zaka za m'ma 1960, bambo Karl Norris a ku Beltsville m'dziko la America anasonyeza kuti pali kuwala kwina kumene maso athu sakuona, kumene kumalowa m'kati mwa chinthu ndi kubwerako kutasintha molingana ndi madzi ndi zina zimene zili m'katimo. Iwo anayambira pa mbewu zouma, koma ena anaitengera nzeruyi ku zipatso. Ku Japan kuli nyumba zolongedzera zipatso kumene mapichesi ndi manachesi amayenda pa lamba, chilichonse chikuunikidwa ndi kupatulidwa molingana ndi kutsekemera kwake, popanda mpeni kuchikhudza. Ku Australia alimi a mango amayenda m'munda ndi kachida ka m'manja, n'kukagunditsa ku chipatso chili mumtengo. Chimene amayeza ndi ichi: mutachotsa madzi onse m'chipatsocho, pangatsale zouma zochuluka bwanji? Pa mango awo otchuka a Kensington Pride anagwirizana kuti asathyoledwe zoumazo zisanafike magawo 15 pa 100.

Mwina mukuti, nanga ife zida zimenezo tizitenga kuti? Sindikunena kuti tikagule. Phindu lathu lili pa chimene zidazo zaulula. Mango ali mumtengo amasonkhanitsa ufa m'mnofu mwake, umene ophunzira amautcha sitachi, ndipo pakupsa ufa umenewo ndiwo umasanduka shuga. Tsiku limene mwawathyola, kusonkhanitsako kwathera pomwepo. Kuvundika kumafewetsa chipatso ndi kuchisintha mtundu, koma sikungaonjezere ufa umene mtengo sunaikemo. Ndiwo mango aja amaoneka achikasu kunja, khungu lili lokwinyika, koma mukaluma mano amayayamira. Akuluakulu ananena kale za chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiponso zipatso zili m'magulu awiri, ndipo ambiri timazisokoneza. Mango, nthochi, mapapaya, mapeyala ndi tomato zimapitiriza kupsa zitathyoledwa, malinga ngati zinali zitakhwima. Peyala ndiye salola n'komwe kufewa ali mumtengo, amadikira kuthyoledwa. Koma malalanje, manachesi ndi zinanazi zilibe ufa wodikira kusanduka shuga. Chinanazi cha ku Mulanje chikadulidwa chowawasa, chidzafewa ndi kuola chili chowawasabe, ngakhale muchiimike chamutu pa shelefu masiku angati. Nachesi wa ku Mwanza naye musamuweruze ndi khungu, chifukwa kumalo kotentha chipatso chamtunduwu chimatha kukhala chobiriwira chitatsekemera kale. Chimene chimachipatsa mtundu wachikasu ndi kuzizira kwa usiku. Chimodzimodzi mango achizungu: Tommy Atkins amafiira msanga asanakhwime, pamene Keitt amakhala wobiriwira ngakhale wapsa.

Nanga mango okhwima tiwadziwa bwanji popanda makina? Yang'anani mapewa ake, pamene pali phesi. Mango anthete amakhala osongoka pamenepo, koma okhwima mapewa amadzaza ndi kukwera, phesi n'kukhala ngati lili m'kadzenje. Dulani amodzi mwa amene mukufuna kuthyola: mnofu wa pafupi ndi njere ukhale utayamba chikasu, usakhale woyera. Njira yachitatu ndi ya m'ndowa. Ofufuza a ku Philippines anapeza kuti mango awo a Carabao akakhwima amamira m'madzi othiridwa mchere pang'ono, magalamu 100 mu malita 10, pamene anthete amayandama. Mitundu ya mango imasiyana, choncho yesani kaye pa maboloma kapena kalisere wanu, mudule omira ndi oyandama, muone ngati ndowa ikunena zoona pa mtengo wanuwo.

Pa kathyoledwe ndiye ndili ndi mawu kwa ana athu. Akatswiri anapanga chipatso chabodza chonga mpira, chimene chimalemba kugunda kulikonse kumene chalandira poyenda pamodzi ndi zipatso zenizeni kuchokera kumunda kufika mu bokosi. Chimene chimadetsa nkhawa pa kugunda kotere ndi chakuti bala lake silioneka tsiku lomwelo, limadzatulukira chipatso chili kale kwa wogula. Tsono ngati anzathu akudandaula ndi chipatso chogwa kuchokera pa lamba, tinene chiyani za mango ogwetsedwa ndi mwala kuchokera pa nsonga ya mtengo? Thyolani ndi dzanja kapena ndi ndodo ya kathumba kumapeto, musiye phesi lalitali pang'ono, ndipo mukalidula muwagoneke chamutu kuti utomoni utsikire pansi, pakuti utomoni umawaula khungu.

Ndikudziwa chimene chimatikakamiza. Mango oyamba ndiwo ali ndi mtengo wabwino, ndipo ndalamayo imafunika feteleza asanathe ku sitolo. Sindingadzudzule mayi amene ali pa mpanipani wotere. Koma wogula amene mwamugulitsa mango owawasa kamodzi amadutsa dengu lanu nyengo yonse, ndipo amauzanso anzake. Nanu amayi a m'tauni muli ndi mbali yanu: mukamathamangira mango oyamba pa mtengo uliwonse, ndinu amene mukuwagwetsa msanga mumtengo.

Tsopano tilowe m'munda, kumene mawu akuti mmera m'poyamba ali ndi tanthauzo lake lenileni. Mu 1701 mlimi wa ku England dzina lake Jethro Tull anakonza makina okokedwa ndi kavalo, ogwetsa mbewu m'mizere pa kuya kofanana, m'malo momwaza ndi manja monga ankachitira anzake. Kuchokera nthawi imeneyo funso la akatswiri lakhala limodzimodzi: kodi mbewu iliyonse ikugwera pamalo pake? Kayezedwe kawo kanandisangalatsa nditakamva. Amaimika makina obzalira pamwamba pa lamba woyenda wopakidwa girizi, kotero kuti mbewu ikagwa imamatirira pomwe yagwerapo. Kenaka amatenga tepi n'kuyeza mpata uliwonse, akuwerenga malo amene makina anadumpha ndi amene anagwetsa ziwiri. Masiku ano ena amagwiritsa ntchito makamera, koma zolakwa zimene amafuna ndi ziwiri zomwezo, kudumpha ndi kuphatikiza. Kufufuza kwa m'minda kwaonetsanso kuti chimanga chimene chamera mochedwa pakati pa zinzake chimakhala mu mthunzi, ndipo chimabereka kachitsononkho kapena osabereka konse. Kuchedwa kumeneko kawirikawiri kumachokera pa kuya kosiyana kwa mapando.

Kwathu kuno nkhaniyi tinaiona ndi maso. Kabzalidwe kamene tinakulira nako kanali ka mizere yotalikirana masentimita 90, mapando otalikirananso masentimita 90, ndi mbewu zitatu pa phando. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera njira imene tonse timangoitcha Sasakawa, potengera bungwe la Sasakawa Global 2000, limene linayambitsidwa mu 1986 ndi a Ryoichi Sasakawa a ku Japan mothandizana ndi a Norman Borlaug ndi a Jimmy Carter a ku America. Njirayi imati mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi yokha pa phando. Ngakhale ife amene sukulu tinalekera panjira tingathe kutsata masamu ake. Njira yakale imapereka mapesi pafupifupi 15,000 pa ekala, pamene yatsopano imapereka oposa 21,000. Ndipo mapesiwo salimbirana chakudya, madzi ndi dzuwa monga amachitira atatu a m'phando limodzi, amene ali ngati ana atatu pa mbale imodzi: wamphamvu amakhuta, wofooka amangonyambita zala.

Koma pali zimene sizinenedwa kawirikawiri, ndipo zimenezo zimagwera ife. Pa ekala imodzi, njira yakale inali ndi mapando pafupifupi 5,000. Yatsopanoyi ili ndi oposa 21,000. Ndiko kuwerama koposa kanayi, nthawi zina mwana ali kumsana. Mapesi ochuluka amafunanso chakudya chochuluka, motero wothithikitsa chimanga alibe feteleza kapena manyowa wangochulukitsa pakamwa. Komanso chimanga chikathithikana, malo a maungu ndi nyemba amachepa, ndipo bambo amene wakondwera ndi matumba a chimanga adzafunsabe ndiwo madzulo. Ine ndimati mayi asiye ndithu chigawo chake cha ndiwo, asachite manyazi pamaso pa aliyense.

Pa za msana, chida chilipo. Ku Brazil alimi aang'ono ali ndi chobzalira cha m'manja chotchedwa matraca, cha mipini iwiri ndi kabokosi ka mbewu. Munthu amabaya nacho pansi ataimirira, natsegula mlomo wake, mbewu n'kugwa. Chayesedwapo m'maiko a kuno kummwera kwa Afirika, ngakhale kuti m'dothi lamakande lonyowa mlomo wake umatsekeka ndi matope. Dziko lathu lili ndi malo ofufuzira zaulimi ku Chitedze pafupi ndi Lilongwe, ku Bvumbwe m'boma la Thyolo kumene amafufuza za zipatso ndi masamba, ndiponso sukulu ya ku Bunda kumene ana athu amaphunzira za makina a zaulimi. Pempho langa kwa ana ophunzirawo ndi lakuti poyesa chida chobzalira, achipereke m'manja mwa mayi, ayeze kulemera kwake, ndipo amufunse madzulo mmene msana ukumvera.

Pamene tikudikira zimenezo, chingwe chilipo. Dulani timitengo tiwiri, kena ka masentimita 75 koyezera mizere, kena ka 25. Tengani chingwe chosatamuka, mufinyirepo zitsekerero za mabotolo pa mpata uliwonse wa kamtengo kakafupiko, ndipo phando lizikhala pamene pali chitsekerero. Kuya kwake kukhale masentimita 5, ndiko kutalika kwa bokosi la machesi. Chingwe chimodzi chingathe kuzungulira mabanja angapo ngati mugwirizana masiku.

Mbewu imodzi pa phando imafuna mbewu yodalirika, chifukwa ikalephera palibe inzake yoimirira m'malo mwake. Tsono mvula isanagwe, tengani njere 100 kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, osasankha zokongola zokha. Ziyaleni pa chiguduli chonyowa, muchipinde, muchiike pa mthunzi, ndipo muziwaza madzi tsiku ndi tsiku. Pakatha masiku 7 werengani zimene zatulutsa muzu ndi mphukira. Zikafika 90 kapena kuposa, bzalani imodziimodzi mtima uli m'malo. Zikachepera 80, funani mbewu ina nthawi ikadalipo, kapena ikani ziwiri pa phando ndi kudzazula yofooka zikamera.