Kabwe Ipezere Malo Makalata a Cisoni ndi Ciyamiko

Akuluakulu a m'midzi ya ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke akali kukumbukira masiku amene kalata yocokera ku Broken Hill inali nkhani ya mudzi wonse. Ikafika, kawirikawiri itapyola m'manja mwa anthu atatu kapena anai, mai wa mnyamata amene anailemba anali kuimanga pa nsonga ya citenje ndi kupita nayo kwa aphunzitsi kapena kwa mlaliki kuti akamuwerengere. Mau oyamba anali odziwika kale: moni, kufunsa za moyo, za mvula ndi za mbeu. Koma onse okhala pa mphasa anali kudikira mau a pakati, pakuti m'menemo ndimo munali uthenga weniweni, kaya wa ndalama ya msonkho, kaya wa matenda, kaya wakuti uje sadzabweranso. Ena sanalembe konse, ndipo awa ndiwo anasanduka machona.

Tauni imeneyo ndiyo Kabwe ya lero. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo kuyambira pamenepo anthu a mitundu yosiyanasiyana anadza kudzakhala m'dziko la Alenje kufunafuna nchito. Mgodi unadyetsa mabanja zaka pafupifupi 90 kufikira pamene unatsekedwa mu 1994. Amuna amene anali kudzuka ndi kulira kwa belu la pa mgodi anangoti kakasi m'makomboni, ena anabwerera kumudzi cimanjamanja, ena anafera komweko osaonanso dziko la makolo ao. Alipo mabanja a Kum'mawa amene ali ndi manda a mbale wao m'tauni iyi.

Ndico cifukwa cake nkhani ya Kabwe iyenera kukhudza ngakhale mlimi amene sanakwerepo sitima. Ganizo lake ndi ili: khonsolo ya Kabwe, pamodzi ndi machalichi, masukulu ndi amisiri ojambula, ikonze malo amodzi poyera pamene munthu ali yense angaikepo kalata yake yolira wakufa kapena yoyamika wamoyo, kuti anzace aiwerenge. Si cinthu codula. Cofunika ndi denga, khoma, matabwa, mapepala, utoto, ndi anthu okhulupirika osamalira malowo.

Maiko ena anayamba kale mcitidwe uwu, ndipo anauyamba pa nthawi za imfa zambiri. Mu Okutobala 1987, mu mzinda wa Washington ku America, anthu anayala pabwalo nsalu 1,920 zolumikizana, iri yonse yosokedwa ndi abale kapena abwenzi a munthu wakufa ndi Edzi, ndipo ukulu wa nsalu iri yonse unali ngati wa manda. Masiku amenewo matendawa anali ocititsa manyazi ndipo ambiri anali kuikidwa mwakacetecete, koma dzina litalembedwa pa nsalu panalibenso womubisa munthuyo. Caka comweco a Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wao Masuzgo anamwalira ndi matenda omwewo, ndipo mau ocepawo anamasula milomo ya makolo ambiri muno m'Zambia. Ku Uganda, m'zaka za m'ma 1990, amai a bungwe la NACWOLA amene anali ndi kacirombo anayamba kulembera ana ao mabuku a cikumbutso, ofotokoza za mtundu wao, za abale ao ndi malangizo amene mai akanapereka akanakhala ndi moyo. Ndipo mu Malichi 2021, ku London, mabanja oferedwa ndi Covid-19 anajambula mitima yofiira yokwana ngati 150,000 pa khoma la m'mbali mwa mtsinje wa Thames, moyang'anana ndi nyumba ya malamulo, ndipo abale anabwera kudzalemba maina ndi mau m'kati mwa mitimayo.

Wina adzati izi ndi za Azungu, pakuti Mcewa, Mngoni kapena Mnsenga amalira pa maliro, osati pa khoma. Mau awa ali ndi nzeru ndipo sayenera kunyozedwa. Mwambo wa makolo sunasiye woferedwa ali yekha. Mudzi wonse umagona pa siwa, adzukulu amakumba manda, amai amatunga madzi ndi kuphika, ndipo patapita nthawi pamakhala kumeta ndi kumanga ciliza. M'matauni a m'njanji munakulanso cimbuya, pamene Abemba amagwira nchito pa maliro a anthu a Kum'mawa, nawo a Kum'mawa pa maliro a Abemba, akunyozana ndi kupakana ufa kuti oferedwa aseke pang'ono pakati pa misozi. Akale anati maliro n'kulirana, ndipo palibe khoma limene lingalowe m'malo mwa zimenezi.

Koma maliro amatha. Pa tsiku lacitatu kapena lacinai mahema amapasulidwa, alendo amakwera basi, ndipo wamasiye amatsala ndi mau amene sanawanene. Pa manda amalankhula ndi amalume, abusa ndi a mfumu kapena acairimani; mkazi wa malemu, mwana wake wamkazi, kapena mnzake amene anagwira naye nchito pansi pa mgodi zaka makumi awiri sapatsidwa mpata. Palinso imfa zimene zinalibe maliro oyenera. M'masiku a Covid-19 anthu anaikidwa mofulumira, abale ataima patali. Mwana wocokera Kum'mawa akafera m'tauni, nthawi zambiri ndalama yonyamulira mtembo imasowa, ndipo mai wake kumudzi amangomva pa foni kuti zonse zatha. Ameneyu alibe manda oti akagwadepo. Kalata yake, itapacikidwa m'tauni imene mwana wake anagonamo, ingakhale ciliza cimene iye angacikwanitse.

Ndiponso kulemba cisoni poyera si cacilendo m'dziko lino. Mauthenga a maliro akhala akuulutsidwa pa wailesi m'zinenero za dziko lino kwa zaka zambiri, ndipo mabanja amalipira manyuzipepala kuti asindikize cithunzi ca malemu pa tsiku lokumbukira imfa yake. Mtsogoleri akamwalira, monga pa 17 Juni 2021 pamene a Kaunda anatsikira kuli cete ndipo dziko linalira masiku 21, pamatsegulidwa mabuku a cipepeso kuti anthu alembemo. Cotero mwambo ulipo, koma wakhala wa anthu a ndalama ndi a maina akulu. Mai wogulitsa tomato ku Makululu alibe buku la cipepeso.

Kabwe ili ndi zambiri zolemba. Okonda mpira sanaiwale usiku wa pa 27 Epulo 1993, pamene ndege yonyamula timu ya dziko lino inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon ndi kupha anthu onse 30. Mmodzi wa iwo anali mphunzitsi wa timuyo, a Godfrey Chitalu, amene mu 1972 anagoletsa zigoli 107 ali wosewera wa Kabwe Warriors. Bwalo la mpira la m'tauniyi linapatsidwa dzina lao, ndipo nkoyenera. Koma bwalo limakumbutsa za munthu mmodzi wochuka, pamene khoma la makalata lingakumbutse za wokonza njanji, woomba nsalu ku Mulungushi ndi wophika nsima ya ana a sukulu.

Cisoni cacikulu koposa ca Kabwe ndi cimene sicioneka ndi maso. Mgodi unatsekedwa, koma mtovu unatsala m'dothi ndi m'fumbi la makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndiponso m'mulu waukulu wa zotsalira za mgodi umene anthu amaucha Black Mountain. Mwana wokwawa amagwira dothi ndi kuika dzanja m'kamwa, ndipo mtovu umalowa m'magazi ake. Umacepetsa magazi, umaononga ubongo, ndipo cimene caonongeka mu ubongo wa mwana sicibwerera. Akatswiri a zaumoyo amanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'thupi la mwana, ndipo kupima kumene kwacitika m'makomboni awa kwapeza ana ambiri ali ndi mtovu wocuruka. Mu Okutobala 2020 maloya anasuma kampani ya Anglo American South Africa ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa amai ndi ana okwana ngati 140,000. Kampaniyo inakana mlandu, ndipo mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire monga wa gulu lonse, koma odandaulawo analoledwa mu 2024 kukadandaula ku khoti lalikulu. Ziwerengero zimenezi zimamveka ku maiko akutali, koma mau a mai amene mwana wake wabwereza kalasi imodzi katatu, pamene aphunzitsi akuti ndi waulesi, samveka ngakhale ku tsidya lina la mseu.

Apa ndipo pali msampha woyamba. Khoma la makalata lisakhale nsalu yophimba cironda. Zingakhale zacisoni ngati akuluakulu atabwera kudzadula riboni, kujambulitsa zithunzi ndi kuombera m'manja, pamene ana akali kusewera m'fumbi lomwelo. Kalata sicotsa mtovu m'dothi. Cimene ingacite ndi kukumbutsa tsiku ndi tsiku amene ali ndi mphamvu yocotsa dothilo, yobzala kapinga ndi yopima ana, kuti nchito yao sinathe. Cifukwa cake osamalira malowo asamacotse kalata kokha cifukwa ili ndi mau owawa kwa a maudindo. Munthu wolira sasankha mau.

Msampha waciwiri ndi woopsa koposa, ndipo anthu a kumudzi amaudziwa bwino. Imfa ikagwa, mitima imafuna woipangitsa, ndipo cala cimaloza kwa nkhalamba ya pafupi kapena kwa mkazi wamasiye. Nkhalamba zambiri zamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi cifukwa ca mau akuti ufiti. Kalata yochula dzina la munthu wamoyo ndi kumunenera kuti ndiye anapha malemu isapacikidwe konse, ngakhale wolembayo alire motani. Cimodzimodzi kalata youlula matenda a munthu amene banja lake silinabvomere, ndi kalata ya mkangano wa cuma ca masiye. Imeneyo malo ake ndi ku khoti. Pafunika kabungwe ka anthu ocepa, amai ndi abambo, okalamba ndi acinyamata, kowerenga kalata iri yonse isanaikidwe poyera. Wolemba akafuna kubisa dzina lake, aloledwe. A zipani za ndale nawo asiye nsalu zao kunyumba.

Nanga makalata a ciyamiko alowa bwanji pakati pa misozi? Amene anakhalapo pa maliro amadziwa kuti ziwirizi siziyenda padera. Amene akulira mwamuna wake ndi yemweyo amene akukumbukira namwino amene anamusambitsa usiku wotsiriza, mnansi amene anabweretsa thumba la makala osapemphedwa, ndi mbuya amene anakumba manda dzuwa liri pamutu. M'zaka zimene Edzi inasesa anthu a misinkhu ya pakati, agogo analera ana amasiye asanu kapena asanu ndi awiri m'nyumba imodzi, ndipo anawo lero ndi aphunzitsi, asilikali ndi oyendetsa mabasi. Ambiri a iwo sananenepo zikomo moti anthu ena amve, cifukwa ulemu wa Cinyanja umamanga lilime pamaso pa akulu. Kaya ndi cifukwa cotani, anthu amasunga mau okoma kufikira tsiku la maliro, pamene mwini wake sangawamvenso. Pepala lingathandize wamanyazi kuwanena agogo akali ndi makutu.

Bvuto lina ndi lakuti si onse amadziwa kulemba, makamaka amai okalamba, amenenso ndiwo asenza zambiri. Apa mwambo wakale wa mphunzitsi wolembera mudzi ungabwerere. Kabwe ili ndi masukulu akulu awiri, Kwame Nkrumah ndi Mulungushi, ndipo ophunzira ake angakhale pa tebulo tsiku limodzi pa sabata ndi kulemba zimene auzidwa, mau ndi mau, osakometsera ndi Cingerezi. Kalata ilembedwe m'cinenero cimene munthu amaliramo: Cilenje, Cibemba, Cinyanja, Citonga kapena cina ciri conse. Wosafuna mau angajambule, angasoke kacidutswa ka citenje ca malemu, kapena angadinde cala cake ndi utoto. Amisiri ojambula zikwangwani za m'misika ali ndi luso lokwanira kukongoletsa khomalo, ndipo ayenera kulipidwa monga anchito ena onse. Kwa a kumudzi amene sangafike ku Kabwe, machalichi ndi masukulu a Kum'mawa angasonkhanitse makalata ndi kuwatumiza pamodzi.

Za malo, maso ambiri adzaloza ku mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, umene anthu anali kusonkhana pansi pake kuyambira masiku oyamba a mgodi. Mtengowo ndi cuma ca dziko cotetezedwa ndi lamulo, cotero usakhomedwe msomali ngakhale umodzi. Khoma limangidwe pafupi, ndi cilolezo ca osunga zakale. Likhale ndi denga, cifukwa mvula ya Disembala simvera cisoni pepala.

Makalata akacuruka, akale acotsedwe, koma asatayidwe. Amangidwe m'mabuku caka ndi caka ndi kusungidwa m'tauni momwemo, pamene mdzukulu angadzapemphe kuwerenga. Kabwe inatayapo kale cinthu cake: cigaza ca munthu wakalekale cimene cinafukulidwa mu mgodi mu 1921 cinatengedwa kupita ku London, ndipo Boma la Zambia lapempha kangapo kuti cibwezedwe. Cotero alendo ofufuza akadzabwera ndi makamera ao, ajambule zimene eni makalata abvomera, koma mabukuwo atsale pa shelefu ya ku Kabwe.