NDEMANGA: Mwendo wopanda batire ndi chipika

Makolo athu anati walira mvula walira matope. Mwambiwu uyenera kumveka m'makutu mwa onse amene amatolera ndalama za inshuwalansi ya zaumoyo m'dziko la Amereka, kumene anthu oduka miyendo ndi manja amalimbana ndi mapepala pofuna kanthu kakang'ono: batire.

Ziwalo zochita kupanga za masiku ano si mtengo wosema ayi. Kuyambira 1997 pomwe kampani ya Ottobock inatulutsa bondo la C-Leg, mawondo ambiri amayendetsedwa ndi kakompyuta, ndipo manja ena amafumbata potsatira minyewa ya mwini wake. Zonsezi zimadalira batire lotchaja. Koma batire limakalamba. Likatchajidwa kambirimbiri limayamba kutha msanga, ndipo likafa dzanja siligwira, bondo limauma. Munthu amene dzulo anali pantchito lero ali pampando.

Nanga amalipira ndani? Medicare, inshuwalansi ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1965 pothandiza okalamba, ndipo pano imathandizanso ena olumala, imapereka madola 80 pa madola 100 aliwonse a mtengo umene iyo yavomereza. Otsalawo ndi a wodwala, kuphatikizapo ndalama yoyamba imene amalipira yekha chaka chilichonse. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake pa bilu: batire la lithium lolowa m'malo mwa lakale ndi L7367, tchaja yake ndi L7368. Batire loyamba limawerengedwa mu mtengo wa chiwalocho, choncho wogulitsa akalilemba padera bilu imakanidwa. Apa palibe chodandaula, pakuti akuba aliponso m'malonda amenewa.

Vuto limabwera pa batire lachiwiri. Pamafunika kalata ya dokotala, nambala yolondola ndi wogulitsa wolembetsedwa. Kalaliki akaphonya nambala imodzi, bilu imabwerera. Wogulitsa akakana mtengo wa Medicare, wodwala angathe kulipira zonse yekha n'kumadikira kuti adzamubwezere. Akakanidwa ali ndi ufulu wochita apilo, inde, koma makwerero ake alipo asanu. Kodi munthu amene mwendo wake wazima angakwere makwerero asanu?

Makampani a inshuwalansi omwe si aboma anafika pena polemba kuti adzalipira chiwalo chimodzi chokha moyo wonse wa munthu. Zinatengera lamulo, kuyambira ku Colorado mu 2000, kuti khalidweli liyambe kuchepa. Sanasinthe chifukwa cha chifundo. Anasintha chifukwa olumala eni ake analankhula, aphungu n'kumva.

Ife tikuti nkhaniyi njachidule. Amene wavomera kulipira mwendo wavomeranso batire lake, monga wogula nyali sadabwa ndi mtengo wa parafini. Zimadziwika kale kuti batire lidzatha. Bwanji osalemba tsiku lopereka chiwalo kuti latsopano lidzaperekedwa likafooka lakale, popanda munthu kupemphanso ngati akupempha mphatso? Kafukufuku wa akuba achitike pambuyo, munthu akuyenda.

Ndipo inu owerenga amene mumadulidwa ndalama za inshuwalansi mwezi ndi mwezi, kaya muli kunja kaya kwathu kuno, funsani musanasaine: kodi mumalipira chipangizo chokha, kapena ndi zochisamalira zomwe? Yankho alipereke polemba. Lonjezo la pakamwa silitchaja batire.