Mbava za pa kompyuta sizithyola chitseko

Anzanga a pa msika, lero ndikufuna tikambeko za msika wina womwe mulibe fumbi, mulibe matope, koma mbava ziliko ndithu.

Msikawo uli mu Second Life, dziko la m'kompyuta lomwe kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco idatsegula mu 2003. Kumeneko munthu amakhala ndi chidole chomuimira, nkumagula malo, kumanga sitolo ndi kugulitsa zovala zojambula. Ndalama yake ndi Linden dollar, ndipo amaisintha ndi madola enieni a ku America. Ndiye musati ndi masanje ayi.

Kuti ulowe m'dzikomo umafuna pulogalamu yotchedwa viewer. Apa mpomwe pagona nkhani. Pulogalamuyi siipangidwa yonse ndi munthu mmodzi. Ili ngati hokala yomwe malata wagula kwina, loko kwina, mahinjesi kwina. Zidutswa zobwerekazi akatswiri amati ma library. Chimodzi chikangochita dzimbiri, katundu yense ali pa mbalambanda.

Zidachitikapo. Mu 2007 akatswiri awiri, Charlie Miller ndi Dino Dai Zovi, adaonetsa kuti QuickTime, chidutswa cha kampani ya Apple chomwe chinkaonetsa makanema mu viewer, chidali ndi bowo. Munthu ankangofika pa malo pomwe patcheredwa kanema wa msampha, basi chidole chake nkuyamba kupereka ndalama mwini wake asakudziwa. Palibe kuthyola chitseko, palibe kuopseza ndi chikwanje. Apple idatseka bowolo, koma idapulumuka ndi okhawo omwe adalandira pulogalamu yokonzedwayo. Mu 2016 Apple italeka kusamalira QuickTime ya pa Windows, a Linden Lab adaichotsa nkuikapo VLC.

Nanga mu 2010? Anthu ambiri adathamangira viewer ina yotchedwa Emerald, ati njokoma kuposa ya eni ake. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere! Zidaululika kuti inkagwiritsa ntchito makompyuta a anthuwo mobisa kupanikiza webusaiti ya munthu wina, ndipo Linden Lab idailetsa.

Tsono mukafunsa kuti ife ogulitsa tomato ndi kaunjika zikutikhudza pati, ndikuyankhani. Ndalama zathu zambiri masiku ano zikugona mu foni. Foniyo ikati pali update, ambiri timangodina kuti mawa, poopa kutha kwa bando. Komatu uthengawo nthawi zambiri umatanthauza kuti eni ake apeza bowo ndipo abwera ndi loko watsopano. Bowo likalengezedwa, nazo mbava zimamva.

Langizo langa ndi ili: landirani update, koma yochokera ku Play Store kapena App Store basi, osati yomwe wakutumizirani mlamu pa WhatsApp. Bando ya tsiku limodzi njotchipa kusiyana ndi mpamba wa mwezi wathunthu.