Tsamba Lobiriwira Pamphatso Zaulere

Palibe msonkhano wa mabungwe masiku ano, kaya uchitikire kunyanja ku Mangochi kaya m'holo ya paboma, umene umatha anthu asanalandire kanthu kolembedwa dzina la amene waukonza: tisheti, chipewa, cholembera, botolo la madzi, kathumba ka nsalu, ndipo popeza nkhani ya chilengedwe ndiyo ili m'kamwam'kamwa, pambali pa dzinalo pamakhala kachithunzi ka tsamba lobiriwira, pamodzi ndi mawu olumbira kuti katunduyo sawononga dziko. Ine sindidana ndi mphatso, ndipo amene amapatsa sindingamunyoze. Koma makolo athu oyamba, atazindikira umaliseche wawo m'munda muja, nawonso anathamangira masamba, kotero kuti munthu wochenjera akaona tsamba pamene silinamere amayamba wafunsa chimene likuphimba.

Tiyambe ndi kathumba ka nsalu, pakuti ndiko kamaoneka kolungama koposa tonse. Boma lathu linaletsa majumbo opyapyala, osafika mamaikuloni 60, m'chaka cha 2015. Eni mafakitale anakasuma, mlandu unayenda zaka, kufikira Bwalo Lalikulu la Apilo linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalebe. Ndipo aliyense amene anaona mtsinje wa Mudi utadzala zinyalala, kapena mbuzi ikufa m'mimba muli mapulasitiki, sangakane kuti chigamulocho chinali choyenera. Mayi Gloria Majiga-Kamoto analandira mphotho ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Kuyambira pamenepo mabungwe ambiri anaganiza kuti akagawa matumba a thonje ndiye kuti asamba m'manja. Komatu akatswiri a boma la Britain, atawerengera mu 2011 utsi wonse umene umatuluka polima thonje, polipota, poliomba ndi polinyamula, anapeza kuti thumba limodzi la thonje liyenera kugwira ntchito maulendo 131 kuti lifanane ndi jumbo yogwiritsa kamodzi. A ku Denmark, amene mu 2018 anaphatikizapo madzi, nthaka ndi zina, anatchula maulendo 7,100. Kafukufuku wawoyo sanawerengere mbuzi zathu kapena ngalande zathu zotsekeka, choncho asandimve wina ngati ndikuyamikira jumbo. Chimene ndikunena n'chakuti thumba la thonje limadziombola lokha ndi ntchito ya zaka, ndipo limene lagona pansi pa bedi pamodzi ndi anzake a misonkhano ina lawononga koposa chimene linadza kudzalowa m'malo. Thonje ndi mbewu yaludzu: tisheti imodzi imamwa malita pafupifupi 2,700 a madzi isanafike pamsana pa munthu, ndipo nyanja ya Aral, imene inali pakati pa nyanja zazikulu za dziko lapansi, inaphwa mbali yaikulu chifukwa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya anaipatutsira m'minda ya thonje.

Kulinso nsalu imene amalonda amati ndi ya nsungwi, ndipo dzina limeneli limatikomera m'makutu ife amene tinakula tikuona malichero ndi nkhokwe zoluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsungwi yolimba ija siisanduka malaya ofewa mwaulere: amaiphwanya, naisungunula ndi mankhwala aukali amene amadwalitsa antchito ndi kuipitsa mitsinje ngati fakitale siisamala, ndipo chotulukapo ndi ulusi wotchedwa rayon, umene za nsungwi watsala nazo dzina lokha. Ku America, m'chaka cha 2022, masitolo akuluakulu a Walmart ndi Kohl's analipitsidwa chindapusa, oyambawo madola 3 miliyoni, enawo 2.5 miliyoni, chifukwa chogulitsa rayon akumutcha nsungwi ndi kumutamanda kuti ngwokoma pa chilengedwe. Ngati eni chuma otere, okhala ndi maloya awo, anagwa m'tchimo limeneli, nanga wamalonda amene amaitanitsa makatoni kunja osaona ngakhale khomo la fakitale angatilonjeze chiyani?

Za mapulasitiki olembedwa kuti amaola okha ndingonena mwachidule. Asayansi a pa yunivesite ya Plymouth anakwirira matumba otere m'nthaka ndi kumiza ena m'nyanja, ndipo mu 2019 analengeza kuti patatha zaka zitatu ena mwa iwo anali kunyamulabe katundu osang'ambika. Momwemonso timivi titatu tothamangitsana pansi pa botolo, tokhala ndi nambala pakati, timangotchula mtundu wa pulasitikiyo. Sitilonjeza kuti ku Ntcheu kapena ku Karonga kuli munthu amene adzalitole ndi kulisungunulanso.

Tsono wogulira bungwe achite chiyani, iye amene wapatsidwa ndalama ndi tsiku, nauzidwa kuti apeze zinthu zosawononga chilengedwe? Akumbuke kuti safunsa anadya phula, ndiponso kuti mlandu suima pa mboni imodzi, makamaka pamene mboniyo ndi mwini malonda yemwe. Mawu otakata, onga akuti katundu ngwachilengedwe kapena ngwobiriwira, amakondedwa chifukwa palibe amene angawayeze pa sikelo; ndipo ku Netherlands mu 2022 akuluakulu oona za malonda anakakamiza H&M ndi Decathlon kusintha mawu a mtundu umenewu pa zovala zawo, makampaniwo naperekanso mayuro 500,000 ndi 400,000 ku ntchito zosamala chilengedwe. Wogulitsa woona mtima amatchula nambala. Akati malayawa ngopangidwa ndi zinthu zakale zokonzedwanso, anene kuti ndi magawo angati pa zana, ndiponso ngati akunena malayawo kapena pepala lowakutira, pakuti chinyengo chambiri chimabisala pomwepa. Akati thonje lake linalimidwa popanda mankhwala, aonetse chiphaso cha GOTS, chimene sichilola dzinalo pa nsalu yosafika magawo 95 pa zana. Akati pepala kapena thabwa lake silinawononge nkhalango, aonetse chizindikiro cha FSC pamodzi ndi nambala yake, imene munthu aliyense angathe kuifufuza pa intaneti. Chizindikiro chimene kampani yadzijambulira yokha, ngakhale chikongole chotani, ndi chokometsera chabe. Ndipo akati pa chipewa chilichonse chogulidwa adzabzala mtengo, afunsidwe mwaulemu kuti mtengowo uli m'mudzi mwa mfumu iti, ndani akuuthirira m'chilimwe, ndipo mwa imene anabzala chaka chatha yatsala ingati. Pakuti kuno kwathu tonse tikudziwa kuti kubzala n'kwa tsiku limodzi, koma mbande imaphedwa ndi chiswe, mbuzi ndi moto wa m'tchire. Amene wanamizidwa ali nako kodandaula, ku Competition and Fair Trading Commission, ngakhale kuti ambiri a ife timangong'ung'udza m'minibasi.

Koma pali funso lina loposa ziphaso zonse, limene wogulitsa sangayankhe, ndilo lakuti wolandirayo adzachita nacho chiyani chinthucho. Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala, timaona khamu litavala matisheti a polyester, amene ndi pulasitiki yochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, olembedwa tsiku ndi chaka m'zilembo zazikulu, kotero kuti pofika chaka chamawa asanduka akale ndipo bungwe liyenera kusindikiza ena. Nsalu yake imatentha padzuwa, utoto wake umasuluka msanga, ndipo amathera kudzala kumene sadzaola. Yerekezani ndi chitenje. Amayi athu, amene sanaphunzitsidwe mawu a m'misonkhano, amalandira chitenje cha mpingo, cha chipani kapena cha bungwe, nachivala kumaliro ndi kuukwati, naberekera mwana, namangira ufa wopita nawo kwa odwala, nachipinda nkhata. Chikatha mphamvu chimakhala chophimbira pazenera, ndipo potsiriza chigamba. Pa mphatso zonse zolembedwa maina, sindidziwa ina imene imagwira ntchito zochuluka chotere, ndipo bwenzi zikukoma koposa chikanakhala cha thonje la alimi a ku Chikwawa, Balaka kapena Salima, loombedwa konkuno, m'malo moyenda nyanja zamchere m'makontena. Chimodzimodzi dengu la nsungwi yeniyeni kapena chikwama cha mlaza: mmisiri wake mungathe kumuyendera, kuona manja ake ndi kumva mtengo wake pamaso, ndipo ndalamayo imagona m'mudzi.

Ndikudziwa kuti mawu otsirizawa sadzakondweretsa ena m'maofesi, kumene ndalama ya zofalitsa dzina iyenera kutha chaka chisanatseke kuti opereka thandizo asaichepetse. Komabe bungwe limene likuyembekeza anthu 80 lisaitanitse zipewa 500 pofuna mtengo wotsika, lisasindikize tsiku pa chinthu chimene lifuna kuti chikhalitse, ndipo pa misonkhano ina, imene anthu ake ndi omwe aja analandira botolo mwezi watha, lingowauza m'kalata yowaitana kuti abwere nalo.